Musandiitane Kaye

Kuphiri la khofi, kumtunda kwa Pakse
9 Juni 1971

Okondedwa amake Tui,

Choyamba ndifunse za moyo wanu, wa mwana wathu Tui ndi wa amayi. Ine kuno ndadzuka bwino, mutu uli pakhosi, miyendo yonse iwiri ili pansi. Nanunso aphunzitsi amene mukuwerengera mkazi wanga kalatayi, landirani moni, koma musathamange powerenga ngati mwaponda moto. Amake Tui amakonda kumva mawu amodzi kawiri.

Atichotsa kuchigwa kuja, atikweza kuno kumene anthu ankalima khofi nkhondo isanawapeze. Eni minda anathawa, mitengo yatsala yokha, ikubereka popanda woisamala. Kukuzizira moti munthu umalakalaka utagona pakati pa njati ziwiri. Chifunga chimafika m'mawa n'kukhala tsiku lonse ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Ntchito yathu ndi kukumba maenje, kukhalamo, kukapa madzi ndi chipewa chachitsulo, n'kukhalamonso. A tsidya lija, amene tikumenyana nawo, alinso paphiri lawo, akukumba awo. M'mawa utsi wawo umakwera limodzi ndi wathu, ndipo ndimadziwa kuti pamoto pawo pali mpunga womata womwewu, chifukwa ndi ana a dziko lomweli.

Ndatumiza kangachepe kudzera kwa woyendetsa lole ya mpunga. Mugule mchere ndi kwinini wa amayi. Njati yathu yolimira musawabwereke amalume anu tisanamalize kulima kwathu, chaka chatha inabwerako nthiti zikuwerengeka. Mbande muyambe kuwokera kumunsi kwa munda, kumene madzi amayamba kufika. Kukada muzikweza makwerero a nyumba yathu ya pansanja musanagone, masiku ano oyenda mumdima achuluka. Kuno dzira limodzi akuligulitsa mtengo wa nkhuku yonse ya kwathu, choncho mazira ndikungowaonera kumaloto.

Pali kanthu kamodzi, si kakakulu ayi. Tikuwoloka mtsinje pobwera kuno, bomba linagwa m'madzi pafupi ndi ine. Silinandikhudze, linangondisambitsa matope. Koma nditafika pamtunda ndinapeza ulusi uja munandimanga pamkono tsiku lonyamuka palibe. Unali utawola kale ndi mvula, madzi anangomalizitsa. Kuchokera tsiku limenelo ndimadzimva kupepuka, ngati dengu limene akhuthulamo mpunga. Amayi musawauze.

Ndine mwamuna wanu,
Phomma


4 Julayi 1971

Okondedwa amake Tui,

Kaya mwadzuka bwanji kumeneko ndi mvula imeneyi? Ine ndili bwino, ndinene kuti ndili bwino kuposa mmene msilikali amayenera kukhalira. Misundu yokha ndiyo yandikonda mopitirira, m'mawa uliwonse ndimaichotsa m'miyendo ndi ndudu yoyaka.

Chinthu chachilendo chikundichitikira, ndipo sindikudandaula nacho. Chakudya chathu kuno ndi mpunga ndi mchere, mwina mphukira za nsungwi tikazipeza. Koma masiku ano ndikaika mpunga m'kamwa ndimamva nsomba zanu zija zovunditsa ndi mchere mumtsuko wa pansi pa nyumba. Ndimamva tsabola wake, ngakhale ndimu amene mumafinyira pomaliza. Ndimatafuna pang'onopang'ono, maso nditatsinzina. Mnzanga wa dzenje limodzi ndi Siphan wa ku Saravane, munthu amene pakamwa pake sipatseka ngakhale ali m'tulo. Tsiku lina anandigwira dzanja nati, "Achimwene, mukudya chiyani chimene ife sitikuchiona? Yasamulani tione. Kumana mnzako pankhondo, moyo winawo mudzabadwa galu wa pamsika, ndikukuuzani."

Makutu nawo ayamba. Dzuwa likapendeka, mfuti za tsidya lija zikamalira, ine ndimamva chibelu chamtengo cha njati yathu ikuchokera kumadzi, go, go, go. Ndimamva choombera nsalu chanu chikugogoda pansi pa nyumba, ndi amayi akukalipira nkhuku. Ndimakhala m'dzenje madzi ali m'mawondo koma mtima uli myaa, ngati ndakhala pakhonde ndikudikira kuti mundiitane kudzadya. Dzana ndinamva Tui akulira, kulira kwa munthu wogwa, osati kwa njala. Kodi anagwa pamakwerero? Mundiuze zoona. Ndinanena kale kuti kamtengo kachiwiri kakugwedera, mupeze munthu akhomere.

Kopolo wathu ndi a Thit Kaen, mkulu waimvi amene anakhala mmonke zaka zambiri asanavule mkanjo wachikasu. Amatafuna fodya tsiku lonse uku akundiyang'ana cham'mbali. Dzulo anati, "Iwe bambo a Tui, nkhope yako ndikuiona, koma mwini wake sindikumuona." Ine ndinaseka, iwo sanaseke.

Nsalu imene mukuombayo musaigulitse kwa wamalonda wa pabwato uja, amagula ngati akutola. Dikirani msika wa chikondwerero.

Wanu nthawi zonse,
Phomma


1 Ogasiti 1971

Okondedwa amake Tui,

Kalata yanu yafika, yonyowa m'mphepete koma yowerengeka. Ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino, ine ndilinso chimodzimodzi. Ndiye kuti Tui anagwadi. Chotupa cha pamphumicho muzichithowa ndi madzi ofunda.

Ndawerenga zimene mwakhala mukuchita. Mukuti mutamva za bomba lija ndi za ulusi, munatenga malaya anga akale olimira, dzira lowiritsa, mpunga ndi kaukonde kanu kogwirira tinsomba. Dzuwa likamalowa mumaima pamutu pa makwerero, kusesa mphepo ndi kaukondeko uku mukuitana kuti, "Bwera mzimu wa Phomma, bwera kwanu. Usakhale mumtsinje, usagone m'nkhalango, mpunga wapsa." Amake Tui, ndinalira. Ndinabisa nkhope m'chipewa kuti Siphan asapezepo nkhani ya sabata yonse.

Mwa kunyada ndinawawerengera a Thit Kaen. Analavula fodya yense.

"Akuitanira kuti?"

"Kunyumba, akulu."

"Nanga thupi lili kuti?"

Ndinadziloza pachifuwa.

"Mbuzi iwe," anatero. "Kukachisi ankakuphunzitsa kusesa basi? Munthu ali ndi mizimu makumi atatu ndi iwiri, wa maso, wa lilime, wa makutu, wa miyendo, chiwalo chilichonse ndi wake. Imeneyo ndi nkhuku, imathamangira kumene akuwaza mpunga. Umodzi unathawa kumtsinje kuja ndi mantha, inde. Koma woitana amaitanira pamene pali mwini wake, n'kumumanga ulusi pomwepo. Mkazi wakoyu akuwaza mpunga kumudzi, ndiye ikuchoka mwa iwe umodziumodzi kukakhala pakhonde. Lilime linapita, makutu anapita. Tsiku lina tidzadzuka n'kupeza tagona ndi chigoba."

Ndikanawaseka, amake Tui, pakanapanda za Lachisanu. Tinkayendera njira yotsikira kumtsinje, masana dzuwa lili pamutu. Mwadzidzidzi mitengo ya khofi inangozimiririka, ndinaona munda wathu madzi ali mbee, inu mutawerama mukuwokera, mpango wanu wofiira uja uli kumutu. Mtolo wa mbande unali patali nanu. Ndinapatuka pamzere kuti ndikusunthireni pafupi. Siphan anandikoka lamba, ndinagwa chagada. Pamene phazi langa linkafuna kuponda panali kawaya kopyapyala kopingasa njira, ka bomba lotchera. Iye anangoti, "Achimwene, ngati mwatopa nawo moyo, vulani kaye nsapatozo. Zanga zikulowa madzi."

Choncho chonde, musandiitane kaye. Si kuti sindikufuna kubwera, mukudziwa inunso. Ndikufuna kubwera wathunthu, ndikuyenda ndi miyendo yanga, osati kufika zidutswazidutswa. M'malo mwake mupote ulusi wa thonje lathu, amonke akaudalitse, munditumizire. A Thit adzandimanga konkuno.

Simunalakwe kanthu, munachita zimene mtima unakuuzani. Mupsompsone Tui pachotupa pomwepo.

Mwamuna wanu,
Phomma


29 Ogasiti 1971

Amake Tui,

Moni ndapereka kwa nonse. Moyo ulipo.

Kalata yanga munailandira kapena ayi? Kapena aphunzitsi analumpha mzere? Ndikudziwa kuti mukuitanabe. Ndikudziwa chifukwa mwasuntha mtsuko wamadzi, mwauika kumanzere kwa khomo, ndipo nkhuku yathu yamawanga yaswa anapiye, kamodzi kali ndi mwendo wopindika. Palibe amene wandilembera zimenezi.

Siphan salinso nafe. Anamunyamula pa helikopita kupita naye ku Pakse. Akuti moyo apulumuka, koma dzanja lija anandikoka nalo latsala kuno. A tsidya lija anakwera phiri lathu kudzera m'chifunga dzuwa likulowa. Mlonda wa mbali imeneyo sanagone, maso anali tong'o, koma sanaone kanthu. Ankayang'ana anapiye aja pakhomo pathu. Zina ndidzakuuzani pamaso.

Ndikudziwa chimene mukuganiza. Mukuti mukasiya, mzimu uja wa kumtsinje usochera. Mukuti kumaloto kwanu mumandiona nditakhala pakhonde, ndiye musiye bwanji. Inenso sindifuna kuchokapo pakhonde limenelo, n'chifukwa chake ndikuopa. Mukaitana sinditha kukana, sindinathepo kukukanani chiyambire tsiku lija pamtondo kwa amayi anu. Mwini mawu ndinu. Ngati mukufuna kudzandionanso ndikukwera makwerero amenewo, siyani.

Mwezi uno sanatilipire, akuti ndege yake inalephera kutera ndi chifunga. Mupirire ndi zimene zilipo.

Phomma


6 Okutobala 1971

Okondedwa amake Tui,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli athanzi, inu, Tui ndi amayi. Ine malungo anandigwedeza masiku angapo, kenaka anatopa nane n'kundisiya.

Mwasiyadi. Ndinadziwa kalata yanu isanafike, chifukwa tsiku lina ndinaika mpunga m'kamwa n'kumva thumba limene unabweramo, pamodzi ndi nkhungu yake. Mfuti tsopano zimalira ngati mfuti. Ndikuona zonse zimene anzanga akhala akuona miyezi yonseyi, ndipo sindikudziwa kuti apirira bwanji. Sajeni akuti ndasanduka msilikali weniweni, nthambi ikathyoka kutsidya kwa chigwa ndimayamba kumva ndine. Ndinu mkazi womvera, amake Tui, ndipo ndakukwiyirani nazo pang'ono. Ndasowa chibelu cha njati chija.

Mukuti dzuwa likamalowa mumathawira kukatunga madzi kuti pakamwa pasakuyabweni, ndipo malaya aja mwawapinda n'kuwaika pansi pa mtsamiro. Akhale pomwepo. Pepani ndi mawu ouma a m'kalata ija, ankalemba ndi mantha, osati ine.

Ulusi unafika. Ndinauzindikira kapotedwe kake, pena ponenepa, pena powonda, monga mumapotera Tui akamakukwerani pamsana. A Thit Kaen anachita mwambo wonse m'dzenje momwemo. Tinagula dzira kwa mayi wina wa mudzi wa kumunsi, mtengo wake musafunse, n'kuliika pachivundikiro cha bokosi la zipolopolo pamodzi ndi maluwa akutchire. Anaitana ndi mawu a kukachisi, kenaka atawathera anayamba awoawo: "Bwerani kuno, alesi inu! Mwadya zokwanira kwa mlamu wathu uja, kuno kuli ntchito!" Anamanga mfundo zolimba mpaka zala zanga zinachita dzanzi. Ulusi wotsala ndinawamanga iwo. Anati, "Limbitsa, mphwanga. Ine wondiitana ndilibe, yanga ikathawa yathawa."

Dzana linali tsiku lotsanzikana ndi mvula, pamene kwathu mumayandamitsa timabwato ta masamba a nthochi tonyamula makandulo. Kuno mfuti zinakhala chete mbali zonse ziwiri popanda wolamula. Chakumadzulo wina paphiri la tsidya lija anayamba kuliza chitoliro cha nsungwi, nyimbo ya kwathu kwenikweni, ija amaliza anyamata pansi pa nyumba ya mtsikana. A Thit anamvetsera nati, "Uyonso ali naye wake womuitana. Akazi a dziko lino atangopangana tsiku limodzi, onse n'kuima pamakwerero nthawi imodzi, mapiri awiriwa angatsale ndi zipewa zokhazokha. Akuluakulu aja angatsale okha akulatana ndi mapensulo." Tinaseka, kenaka aliyense anayang'ana mbali yake.

Kodi Tui anayandamitsa kabwato kake, kapena anakamiza ngati chaka chatha?

Wanu,
Phomma


24 Novembala 1971

Okondedwa amake Tui,

Landirani moni wanga nonse. Amayi chifuwa chija chili bwanji ndi mphepo imeneyi? Ine ndilipo.

Mpunga uyenera kuti wacha tsopano. Muyambe kumweta kumtunda, mbalame zimayambira kumeneko. Muitane a kwa amalume anu adzathandize, ndipo muwaphikire bwino, anthu amenewo amamweta molingana ndi ndiwo. Mtolo woyamba musaiwale kuupereka kwa mzimu wosunga munda pakanyumba kake. Tui mumusokere kajekete, nsalu yake mutenge pa ija ndinabwera nayo kuchokera ku Savannakhet. A kaputeni akuti mwezi wamawa ukatha ayamba kutipatsa tchuthi mosinthana. Ananenapo kale zotere, koma ulendo uno anena maso ali pa ife.

Khofi wapsa, phiri lonse lafiira, akungoyoyoka yekha. Timatola n'kumatsopa, kunja kwake kumatsekemera. A tsidya lija abweretsa mizinga ikuluikulu, mawu ake ndi ena. Timagona nsapato zili kumapazi.

A Thit Kaen anatisiya Lolemba lapitali. Anangopita kukatunga madzi a tiyi basi. Sindilemba zambiri. Tinawaika pansi pa mtengo wa khofi, popanda moto wotenthera mtembo monga timachitira kwathu, popanda mmonke, monga amaikira munthu wofa imfa yoipa. Mtima wanga wasweka, amake Tui, anali ngati bambo anga.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Iwo omwe ankatiuza kuti munthu akafera kutchire mwadzidzidzi mizimu yake imabalalika, ndipo pakapanda woiitanira kunyumba imangozungulira pamalo pomwepo mpaka kalekale, yanjala, yozizidwa. Iwo analibe mkazi, analibe mwana, mudzi wawo unapsa kale. Ndinatenga chipewa chawo ndi mpunga pang'ono n'kuima pamandapo kuti ndiitane. Ndinatsegula pakamwa, koma ndiitanire kuti? Ndinangoti, "Akulu, khalani pafupi ndi ine, tidzapitira limodzi kwathu." Ndiye mukadzaona ndafika ndi mlendo musadzadabwe. Amadya pang'ono, fodya yekha ndiye amatafuna ngati mbuzi.

Ulusi wanu udakali pamkono, wada koma ngolimba. Musaitane, ndatsala pang'ono kubwera ndekha.

Mwamuna wanu,
Phomma


M'nkhokwe ya khofi, pamsewu wotsikira ku Pakse
20 Disembala 1971

Bouaphan, mkazi wanga,

Usadabwe ndi zilembo zachilendozi. Akundilembera ndi a Outhai, wamankhwala wathu, ine ndikungonena. Moni kwa amayi ndi kwa Tui. Za moyo wanga, mutu uli pakhosi.

Phiri lija tinalisiya. Ife amene sitingathe kuyenda atigoneka muno pamasaka a khofi, tikudikira lole. Akuti ibwera. Dzulonso ankati ibwera. A Outhai atsika wapansi masana ano pamodzi ndi amene angathe, ndipo kalatayi ipita m'thumba mwawo. Muno mukununkhira bwino. Sindikumva kuwawa kwenikweni, kuzizira kokha.

Njati usagulitse. Tui akadzakula apite kusukulu, amalume ako anene zonena zawo. Aphunzitsi, pano werengani pang'onopang'ono, ndipo mubwereze kawiri.

Ndinawapempha a Outhai kuti adule ulusi uja. Poyamba anakana, kenaka anayang'ana pansi pa bulangete langa n'kutulutsa lumo. Ndauika m'kalata muno.

Tsopano itana, Bouaphan. Kaya kalatayi ifika patapita masiku angati, usati kwachedwa, ndaiuza mizimu yanga kuti idikire mawu ako, isatsate wina aliyense. Tenga malaya aja pansi pa mtsamiro, wiritsa dzira, tenga kaukonde kako. Ima pamutu pa makwerero uitane mokweza, mudzi wonse umve, usachite manyazi. Njira mizimuyo ikuidziwa kale. Inakhala kwa iwe nthawi ya mvula ija, ndipo inkakana kubwerera kuno.

Wa lilime udzayamba kufika, ndi wadyera umenewo, uupatse nsomba za mumtsuko. Wa makutu udzakhala pafupi ndi choombera nsalu, uziomba monga mwa masiku onse. Wa maso udzalunjika pamene wagona Tui, usauthamangitse. Ukamva fungo la fodya ndi a Thit amenewo, uwayalire mkeka pakhonde, ndinawalonjeza. Galu umumange kuti asauwe alendo.

Ndinkafuna kubwera wathunthu, Bouaphan. Ndinayesetsa, ndipo iwenso unayesetsa.

Wa miyendo wokha udzachedwa. Wavulala kwambiri, njira ndi yaitali, ndipo pali mitsinje yowoloka. Ndikudziwa kuti ndine ndinakuuza kuti kukada uzikweza makwerero. Usakweze. Uudikire.

Ndine wako,
Phomma